Amayi M'nyumba, Anti Panja

Dzina la a Pepani ndinawapatsa ndine, ndipo mpaka lero sindiona kuti ndinalakwa. Tsiku lawo loyamba pantchito pathu, pa fakitale yochapa zofunda za m'mahotela, ndinawaponda phazi ndi ngolo yodzaza matawulo onyowa. Ngolo imeneyo ikakuponda umatchula mayina a anthu amene anamwalira kalekale. Iwo anangokoka phazi lawo n'kunena kuti, "Pepani."

"Pepani wa chiyani? Wapondedwa ndani apa, ine kapena inu?" ndinawafunsa.

"Pepani," anateronso.

Dzina linamera pomwepo. Ine amanditcha a Wailesi, akuti pakamwa panga anaiwala kuikapo batani lozimitsira, ndiye bwana atatiika pamakina amodzi anthu anaseka kuti waphatikiza wolankhula ndi womvera. Ntchito yathu inali yosita nsalu za pabedi. Nsalu imodzi mumaigwira awiri, wina ngodya iyi wina iyo, mumaikoka kuti iwongoke, n'kuilowetsa m'kamwa mwa chimakina chotentha chimene chimaitulutsa mbali inayo ili yosalala. Mnzako akachedwa pang'ono nsalu imalowa mokhota, n'kutuluka ndi makwinya oti bwana amawaona ali mu ofesi. Mawindo a m'chipindamo ali m'mwamba kwambiri moti sungaone kunja, ndipo nthunzi imachita kukutsamwitsa. Ndinagwira nsalu ndi a Pepani kwa zaka zambiri, moti manja awo ndinkawadziwa kuposa a malemu amuna anga.

Zoti alibe mapepala owalola kukhala m'dziko la eni lino sanachite kundiuza, ndinaona ndekha. Munthu wopanda mapepala amadziwika ndi kayendedwe. A Pepani sankathamangira basi ngakhale ikuwasiya akuiona, chifukwa munthu wothamanga anthu amamucheukira. Sankawoloka msewu magetsi asanalole, ngakhale msewu uli zii wopanda galimoto. Wogulitsa akawapatsa buledi wa dzana ankalandira ndi manja awiri. Dzino litawavuta anatupa tsaya kwa nthawi yaitali, akutafunira mbali imodzi, koma kuchipatala osapondako. Mzinda uno ndi kukula kwake konseku, iwo ankadziwa njira yochokera kunyumba kupita ku fakitale ndi ina yopita kutchalitchi, basi. Bambo awo atamwalira kumudzi, maliro anawalira pafoni, atakhala pamulu wa matawulo akuda kuseri kwa makina, chifukwa akanapita sakanaloledwa kubwereranso. Atatha anasukusula pampopi n'kubwera kudzagwira ngodya yawo.

Ine mapepala ndili nawo, anandisiyira amuna anga amene anagwira ntchito ya njanji kuno mpaka kumwalira. N'chifukwa chake pakamwa panga pali pomasuka chonchi. A Pepani anabwera potsatira akulu awo, amene timawatcha a Nesi ngakhale kuti ntchito yawo ndi yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba pa nyumba ina yosungira okalamba. A Nesi analowa m'dziko muno zitseko zidakali zotsegula, anapeza mapepala, anakwatiwa, anabereka anyamata awiri. Mng'ono wawoyu anabwera ndi chilolezo chongodzacheza, chilolezo chinatha, iwo anakhalabe. Ankati akapeza kangachepe abwerera. Mawu amenewo tonsefe tinabwera nawo m'chikwama.

Ankakhala m'kachipinda ka kumbuyo m'nyumba ya akulu awo, kamene kale kanali kosungiramo katundu. Munali bedi, mpando umodzi, ndi chingwe chopachikapo zovala, ndipo pofuna kutsegula sutikesi unkayamba watulutsa mpando. Koma Lamlungu loyamba limene ndinakacheza kumeneko ndinachita kudabwa, chifukwa munthu amene ndinamupeza sanali amene ndinkagwira naye nsalu. M'nyumba a Pepani anali ndi phwete loti mpaka aneba ankagogoda khoma. Ankadziwa kutsanzira kayendedwe ka bwana, mimba patsogolo makiyi kumbuyo, ndipo ankanditsanziranso ine ndili pomwepo, mpaka ndinawagenda ndi pilo. Ankakangana ndi alamu awo pa nkhani za mpira ngati anauseweranso. Ikakwana nthawi yoti andiperekeze ku basi, ankavala nsapato, n'kuvalanso nkhope ija ya pantchito, ndipo tikatsika masitepe mawu awo ankachepa mpaka kutheratu.

Chaka chimene ndikunenachi nkhani ya alendo inali m'kamwam'kamwa, poti chisankho chinali pafupi. Wailesi yeniyeni, ya pashelefu m'chipinda chodyera, inkangokamba zomwezo. Ena ankati opanda mapepala onse akwezedwe ndege, ena ankati amene akhalitsa ndipo sanalakwire munthu apatsidwe mpata. Pa nkhomaliro mkanganowo unkasamukira patebulo pathu. Amene ankautsogolera anali adalaivala athu, okasiya zofunda kumahotela, munthu wakwathu yemwe, amene mapepala anali atangowapeza kumene koma ankalankhula ngati dzikoli analiswa mphanje ndi agogo awo.

"Lamulo ndi lamulo," ankatero uku akutafuna. "Ife tinaima pamzere, tinavutika. Wina angolowera pawindo n'kudzakhala pampando womwewo? Abwerere akalowere pakhomo."

"Pakhomo pake pati, poti mutalowa inu munakhoma n'kumeza kiyi?" ndinkawayankha.

"Inu a Wailesi mumalankhula ndi mtima. Lendi yakwera chifukwa cha ndani? Mzere wa kuchipatala watalika chifukwa cha ndani? Eni dziko akadandaula muziti akulakwa?"

Sindinganene kuti zonse zimene ankanena zinali zabodza, lendi inakweradi ndipo nanenso inkandipweteka. Chimene chinkandipsetsa mtima n'choti ankazinena a Pepani ali pomwepo, akudya buledi wawo maso ali patebulo. Nthawi zina ankachita kuwafunsa kuti, "Si choncho, a Pepani?" Iwo ankagwedeza mutu mosadziwika ngati akuvomera kapena akumeza. Bwana nayenso, mwini dziko weniweni, anamata pagalimoto pake chizindikiro cha chipani chofuna kuthamangitsa alendo, pamene theka la anthu a pamakina ake linali lopanda mapepala, iye akudziwa bwinobwino. Ankawakonda chifukwa sadwala ndiponso sayankha.

Koma chimene chinawamangirira a Pepani m'dziko muno sinali ntchito. Anali mwana wawo wamkazi, amene tinkamutcha Kadontho chifukwa anabadwa wochepa kwambiri. Bambo wake anali mmisiri wina womanga nyumba, amene atangomva za mimba anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito ku mzinda wina. Nthawi yoti a Pepani akachire itayandikira mantha anagwira nyumba yonse, poti kunkamveka mphekesera yoti chipatala chimapereka opanda mapepala kwa a zolowa ndi kutuluka mayi akangotsika pabedi. Kaya zinali zoona kaya ayi, panalibe wofuna kuyesa ndi thupi lake. A Nesi anatenga khadi lawo la kuchipatala n'kupatsa mng'ono wawo. Awiriwa amafanana mphuno ndi chipumi, ndipo kwa anthu a kuno ife tonse nkhope ndi imodzi. A Pepani anakachira ndi dzina la akulu awo, ndipo mwana analembedwa kuti mayi wake ndi a Nesi, bambo wake ndi amuna awo a Nesi.

Panalibe amene anaona ngati achita chinthu chachikulu. A Nesi anandiuza okha akuseka kuti, "Tanama pati? Mwana wa mng'ono wanga si wanga? Ine kwa iyeyu ndine amayi aakulu, ndiye tangochotsapo 'aakulu' basi." Ine ndinaseka nawo. Kwathu mwana amakhala ndi amayi angapo ndipo palibe amadabwa. Tinaiwala kuti pepala la kuno lili ndi mpata wa mayi mmodzi yekha.

Poyamba zinayenda bwino. Kadontho anapeza zonse zimene mwana wa munthu wamapepala amapeza, katemera, dokotala, malo kusukulu. Ankagona ndi mayi ake pabedi limodzi m'kachipinda kaja, ndipo womusambitsa, womuluka tsitsi, womukalipira anali iwo omwewo. Vuto linabwera mwana atayamba kulankhula. Anamuphunzitsa lamulo loti m'nyumba, chitseko chikatsekedwa, a Pepani ndi Amayi ndipo a Nesi ndi Amayi aakulu, koma panja a Nesi ndi Amayi ndipo a Pepani ndi Anti. Ana ena amayamba ndi kuwerenga zala, uyu anayamba ndi zimenezi. Akaphonya pamsewu a Pepani ankamufinya pang'ono dzanja, osati mopweteka, kungomukumbutsa. Pofika poyamba sukulu anali atasiya kuphonya.

Kusukulu kukakhala msonkhano wa makolo ankapita a Nesi. Tsiku lina ana ankalandira mphoto, ndipo Kadontho ankalandira ya kuwerenga. A Pepani anasita yunifolomu yake mpaka kolala kuima yokha, anamuperekeza mpaka pachipata, koma pachipatapo panali mlonda wolemba mayina a olowa, choncho anabwerera n'kukaima tsidya lina la msewu pamthunzi wa sitolo. M'manja anawomba ali komweko, atamva anthu akuwomba mkati, osadziwa kuti akuwombera mwana wa yani. Potuluka aphunzitsi anawapatsa moni n'kuwauza kuti mwanayu ali ndi mwayi kukhala ndi anti omukonda chonchi. Iwo anathokoza.

A Pepani anawagwira m'mawa wina wamba, pa siteshoni ya basi, tikupita kuntchito. Tinangoona zipata zonse zatsekedwa, ndipo amuna ndi akazi ovala majekete ofanana akuuza anthu kuti aime pamzere, aliyense atulutse chiphaso. Panalibe kukuwa kapena kumenya, ankalankhula mwaulemu ndithu, ndipo ulemu umenewo ndi umene unandiopsa kwambiri. A Pepani anali patsogolo panga. Sanacheuke, anangobweza dzanja kumbuyo n'kundipatsira kiyi wa kunyumba.

"Mwana aweruka masana, akulu anga ali pa shifiti," ananong'ona.

Atafika kwa wofunsayo anangotambasula manja opanda kanthu. Anawaimika pambali pamodzi ndi anthu ena angapo, ine n'kundiuza kuti ndidutse. Ndinayamba kulalata, koma a Pepani anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti ndikapitiriza ndiwawonjezera mlandu, ndipo ndinatseka pakamwa.

Ku fakitale bwana anafunsa funso limodzi lokha, loti kodi a Pepani atchula kumene amagwira ntchito. Masana omwewo pa ngodya yawo panali pataima kale munthu wina. Adalaivala anayamba kudyera m'galimoto. Atabwereranso patebulo anakhala kumapeto n'kunena, osayang'ana munthu, kuti, "Ine sindinkanena a Pepani. Ndinkanena enawa." Ndinawafunsa kuti enawo ndi ati, amene alibe mnzawo wogwira naye nsalu. Anangoweramira mbale yawo, ndipo nanenso sindinasangalale kuti ndawagonjetsa.

A Pepani anawatengera kumalo amene timangowatcha kuti kumpanda, kunja kwa mzinda, kumene amasungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Akuti si ndende, koma chitseko chake amatsegula ndi wa kunja. Anthu a kutchalitchi anatipezera loya wa bungwe lina lothandiza alendo, mayi wa maso otopa amene ankanyamula mafayilo olemera kuposa mwini wake. Ndinapita naye ine ngati womasulira, poti a Pepani chiyankhulo cha kuno amachimva, koma mantha akawagwira chimawathawa.

Loya anafunsa mafunso ake mpaka anafika pa lakuti, "Muli ndi mwana wobadwira kuno?" A Pepani anasuzumira kuchitseko. Loya anati chilichonse chimene anene chithera m'chipinda momwemo pokhapokha iwo atalola kuti chituluke. Pamenepo anandiyang'ana n'kugwedeza mutu, ndipo ndinafotokoza nkhani yonse kuyambira pa khadi la kuchipatala.

Loya anavula magalasi n'kutikita m'maso. Kenako anatiyalira nkhani mosapita m'mbali. Mayi wa mwana wobadwira kuno amene ali pasukulu angathe kupempha woweruza kuti asamulekanitse ndi mwana wake, ndipo ena amaloledwa kukhala. Ena, osati onse. Koma kuti apemphe ayenera kusonyeza kuti mwanayo ndi wawodi, ayezedwe magazi, ndipo zikatero ziululika kuti a Nesi anabwereketsa khadi n'kulembetsa mwana wa munthu wina. Umenewo ndi mlandu. A Nesi ndi amuna awo angalandidwe mapepala, anyamata awo awiri n'kukokedwera momwemo. Kadontho nayenso mapepala ake angafafanizidwe, poti anachokera pa dzina la a Nesi, ndipo woweruza akakana pempholo, angakwezedwe ndege limodzi ndi mayi ake kupita kudziko limene sanalionepo.

"Nanga ndikapanda kunena?" anafunsa a Pepani.

"Mukwera ndege nokha, ndipo simudzaloledwa kulowanso kwa zaka zambiri. Mwana atsala, palibe amukhudze."

Mawu amenewo anadutsa pakamwa panga pomasulira, ndipo ndinadana napo pakamwa pangapo. Ndinayesa kumufotokozera loya kuti kwathu mkulu wa mayi ako ndi mayi ako, kuti apa panalibe woba mwana wa mnzake. Anamvetsera bwinobwino n'kunena kuti iye akumvetsa, koma woweruza awerenga zimene zinalembedwa. Paja akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Loya anati a Pepani aganize, amuuze asanakaonekere kubwalo.

Ndinachoka kumeneko n'kulunjika kwa a Nesi mtima ukuwira. Ndinawapeza akuchapa yunifolomu ya Kadontho m'sinki, amuna awo atakhala pa sofa moyang'anana ndi TV yozimitsa.

"Pitani mukanene zoona," ndinatero ndisanapereke n'komwe moni. "Mwana ali ndi mayi wake."

"Khalani pansi, a Wailesi."

"Sindikhala. Mng'ono wanu ali kumpanda, inu muli phee m'nyumba."

A Nesi anapukuta manja pa diresi lawo. "Mukuganiza kuti ndikugona tulo ine? Ndinamupatsa dzina langa kuti akachire ngati munthu, asachirire pansi m'bafa. Lero mfiti ndine? Ndikakanena, ndinyamule ana atatu ndi bambo awa tikayambire pati? Nyumba ya kumudzi inagwa, munda anagawana amalume. Amayi athu akudya chifukwa ine ndili kuno."

"Ndiye mwana mumutenge?"

"Ndimutenge bwanji, si wanga kale?"

Mawu amenewo atatuluka anadzigwira pakamwa, anakhala pansi pomwepo m'khitchini n'kuyamba kulira. Amuna awo anadzuka, anakatseka chitseko cha kuchipinda kumene ana ankalemba za kusukulu, n'kubwera kudzaima pakati pathu.

"Alamu akasankha kunena, ife sitiwaletsa," anatero motsitsa mawu. "Koma asankhe okha. Ife tisawakankhe, inunso musawakankhe."

Ndinabwera ndi mawu ambiri tsiku limenelo ndipo ndinabwerera nawo kwathu osawagwiritsa ntchito. Ndinkafuna munthu woipa woti ndimutukwane mtima ukhale pansi, koma m'nyumbamo munalibe.

Kadontho anamuuza kuti mayi ake apita kukagwira ntchito kutali. Mwanayo si wopusa. Anasiya kufunsa, anasiya kutsiriza chakudya, ndipo anakana kusamukira kuchipinda china, ankagona yekha m'kachipinda kaja. Kenako a Pepani anandiimbira foni kuchokera kumpanda kuti akufuna kumuona mwana asanamuyankhe loya. A Nesi ankaopa kupondako, kuti wina angawayang'anitsitse nkhope n'kuyamba mafunso, choncho anavomera kuti ndipite naye ine, kukaona anti ake. M'basi ndinamuuza kuti tikupita kumene amayi ake akukhala, ndipo kumeneko kuli alonda. Anandifunsa ngati tsitsi lake lili bwino, poti a Nesi kuluka sadziwa.

Chipinda chochezera chinali ndi matebulo omangirira pansi ndi mabawuti, mipando ya pulasitiki, ndi makina ogulitsa zakumwa amene anali akufa. Mlonda anatseka chitseko titalowa n'kuima chapafupi. Anali wakwathu, ndinali nditamumva pakhonde akuyankha foni m'chiyankhulo chathu, ndipo a Pepani ankamudziwa. Iwo analowera khomo lina atavala juzi yotuwa yofanana ndi ya anzawo onse. Anali ataonda, ndipo manja awo, amene ndinazolowera kuwaona atatupa ndi nthunzi, anali ouma.

Kadontho sanathamange. Anayenda bwinobwino monga anaphunzitsidwira, n'kukaima pafupi ndi bondo la mayi ake. Anayang'ana chitseko chotsekedwacho, anayang'ana mlonda, kenako ananong'ona.

"Muno ndi m'nyumba kapena ndi panja?"

Ndinkadziwa yankho limene ndinkafuna, ndipo ndikanapatsidwa mpata ndikanayankha ndine, mokweza, kuti mlonda amve, woweruza amve, amve ndi a m'wailesi aja. A Pepani anakonza kolala ya diresi la mwanayo ngakhale inali yokonzeka kale.

"Ndi panja," anatero.

"Koma chitseko n'chotseka."

"N'chotseka, koma si chathu."

Mwanayo anaganiza pang'ono n'kugwedeza mutu. "Muli bwanji, Anti?"

"Ndili bwino, kaya iwe?"

Anamukweza pamiyendo, poti ngakhale anti amanyamula mwana. Anamufunsa za kusukulu, ndipo Kadontho anawaonetsa pamene panachoka dzino n'kuwauza kuti mnyamata wamkulu wa a Nesi anamuseka kuti wasanduka agogo. A Pepani anaseka mwapansipansi. Anamumasula tsitsi limene a Nesi analuka mokhota, analiluka mwatsopano ndi zala zokha popanda chipeso, mwamsanga, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Anamuuza kuti azitsiriza chakudya, azitsuka mano amene atsalawo, ndipo aziwamvera Amayi. Atanena mawu otsirizawo ndinatembenukira ku makina a zakumwa aja ngati pali chimene ndikuwerenga, chifukwa misozi inali itayamba kutsika.

Mlonda atanena kuti nthawi yatha, Kadontho anatsika yekha, anatsanzika mwaulemu, n'kupita kukaima pachitseko. A Pepani anandigwira padzanja ndisanadzuke.

"Mukamuuze loya kuti ndilibe mwana kuno," ananong'ona.

"Mwaganiza bwino? Woweruza atha kukumverani chisoni."

"Atha, atha kukananso. Akakana ndiye kuti ndagwetsa nyumba ya akulu anga, mwana ndamuchotsa sukulu, ndege ndakwerabe. Kumudzi ndikamugoneka pati? Msiyeni awerenge."

"Nanga inuyo?"

"Ine ndidzamva pafoni."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, koma anandifinya dzanja. Anasuzumira kumene kunaima mwana, amene ankagwiragwira tsitsi lake latsopanolo.

"China n'chakuti musabwere nayenso kuno."

"Chifukwa chiyani? Masiku alipobe, nditha kubwera naye sabata ya mawa."

"Ayi, musabwere naye. Akadzandifunsanso funso lija, sindidzatha kuyankha momwemo."

Ndinawamvera. Tsiku limene anawakweza ndege, Kadontho anali m'kalasi.